Abiti Sufiyani Aima M'madzi

Swaibu anayamba kulota madzi mwezi wa Okutobala, nthawi imene ku Balaka ngakhale khwangwala amayenda kukamwa kuli yasa. Zitsime zinali zitaphwa, pamjigo amayi akutukwanizana chifukwa cha ndowa imodzi, koma iye akangotseka maso madzi ankabwera osachita kuwaitana.

Malotowo anali amodzimodzi. Ankayamba ndi mkokomo wochokera kuphiri, wonga wa sitima ya katundu ikamanyamuka pa Nkaya. Kenaka madzi ofiira ankatsika atasenza miyala, mitengo, madenga a nyumba ndi mbuzi zili miyendo m'mwamba. Khomo lakwawo kwa Mposa, kumene anabadwira, linkasungunuka iye akuona, ana a mlongo wake akuthamanga osadziwa kolowera. Ndipo pakati pa zonsezi pankaima mayi ake, Abiti Sufiyani, amene anali atamwalira zaka ziwiri ndi theka m'mbuyomo. Ankaima patsinde pa mkuyu wopendekeka, mizu yake ili pamtunda, atakweza chitenje pang'ono ndi dzanja limodzi kuti chisanyowe. Sankalira, sankakuwa, sankanena kanthu. Ankangomuyang'ana basi. Ulendo woyamba madziwo anali m'mapazi. Pomatha masabata awiri anali atafika m'mawondo.

Tinene chilungamo, Swaibu anali nacho chifukwa chowaopera mayi akewo. Iye anali mmisiri womanga makalavati ndi zipupa zamiyala zotchinga madzi m'mbali mwa misewu, ndipo ntchito ankaikonda mopitirira muyeso. Chaka cha namondwe wamkulu uja, mlongo wake wamng'ono Lukiya, amene ankawadwazika mayiwo kumudzi, anakhala akumuimbira foni masabata awiri athunthu. "Achimwene, amayi akukuitanani." Iye ankangoti mawa, nditsirize kaye kalavati ili. Mawa, mawa, mpaka mvula ija inagwa n'kudula misewu. Abiti Sufiyani anamwalira m'bandakucha, ndipo poti Asilamu sagoneka maliro, dzuwa lisanapendeke anali atawaika kale. Swaibu anafika tsiku lachitatu, matope ali m'ntchafu. Lukiya anamulandira ndi mawu amodzi okha, anthu akumva: "Anakuitanani mpaka mawu anawathera. Lero mwabwera kudzatani?"

Anagona tsiku limodzi n'kubwerera ku Balaka. Manda a mayi ake sanawaone, chifukwa kumudzi munthu salowa kumanda chisawawa popanda maliro, ndipo iye analibe nkhope yoti n'kupempha. Kuyambira pamenepo phazi lake silinapondenso kwa Mposa.

N'chifukwa chake malotowa anawamasulira yekha asanafunse munthu. Madziwo, mumtima mwake, anali misozi imene mayi ake analira pomuitana. Sanamukhululukire. Misoziyo inali kukwera, ndipo tsiku lomwe idzafike pakhosi pawo idzasefukira pa iye, pa ana ake, ndi pa mbumba yonse imene anaitaya. Mantha amenewa ankawanyamula ngakhale masana, ali pakati pa anthu.

Woyamba kumva anali mkazi wake Fadila, amene anatopa n'kudzidzimutsidwa ndi munthu wopalasa miyendo pamphasa ngati akusambira. M'mawa wina akumupatsa tiyi anamupanikiza mpaka anaulula.

"Madzi?" anatero Fadila. "Bambo a Ayisha, akuluakulu amati ukalota madzi ndiye kuti pakhomo pali woyembekezera."

Swaibu anamuyang'ana pamimba.

"Iyayi, musandiyang'ane ine! Ndinatseka kalekale. Mwina achemwali anu kumudziko."

"Nanga amayi akuimiranji m'madzimo?"

Apa Fadila anasiya kuseka. Anati madzi oyera ndiwo a mwana, koma ofiira iye sakuwadziwa bwino, ndipo anatuluka kukasesa pabwalo pomwe anali atasesa kale.

Kuno kwathu aliyense ndi katswiri wa maloto a mnzake. Munthu amene sadziwa komwe waika makiyi ake akhoza kukuuza bwinobwino chimene Mulungu akutanthauza pokulotetsa njoka. Pitala, mnzake wa Swaibu wa pantchito, sanadikire n'komwe kuti amve malotowo mpaka kumapeto. Anazika fosholo mumchenga n'kunena kuti madzi akuda ndi adani, ndipo munthu wakufa akamabwera ndiye kuti wina wavala nkhope yake.

"Si mayi ako amenewo, m'bale wanga. Alipo wina pano pasaiti sakondwa kuti kapitawo amakukhulupirira. Tiye Lachisanu kwa mneneri wathu, akakuuza ndi dzina lomwe."

"Ine Lachisanu ndimakhala kumzikiti."

"Ndiye bwera ukaweruka. Mulungu alibe nsanje ya maola."

Mayi wina wogulitsa zitumbuwa, amene ankamvetsera nawo osaitanidwa, anawonjezera kuti madzi amatope ndi maliro basi, palibenso zokambirana. Wina anati n'kutentha kwa Okutobala, thupi likufuna kusamba. Pofika madzulo Swaibu anali ndi matanthauzo asanu, ndipo mantha anali omwe aja.

Lachisanu atatha kuswali, mapemphero a kumzikiti, anatsalira n'kukhala pansi pafupi ndi Shehe Yunusu, nkhalamba yowonda yosakonda kuthamangira mawu. Shehe anamvetsera zonse maso ali pamkeka.

"Mwana wanga, kumasulira maloto anapatsidwa mneneri uja, Nabi Yusufu. Ine chimene ndinapatsidwa ndi matenda a shuga basi," anatero. "Koma chimene tinaphunzira n'chakuti maloto oopsa sitiyenda nawo m'misewu. Ukadzidzimuka, lavulira pang'ono kumanzere katatu, upemphe Mulungu akutchinjirize, utembenukire mbali inayo. Usamangouza aliyense. Mwauza angati?"

Swaibu anawerenga m'mutu n'kuchita manyazi.

"Basi, zakwana. Ndipo poti mukuona mayi anu, achitireni sadaka. Akufa sadya, koma duwa, pemphero lowapempherera, imawafika."

Anachitadi sadaka. Fadila anaphika mpunga ndi mbuzi, anthu a pamzikiti anabwera, anawerenga duwa m'dzina la Abiti Sufiyani, anadya n'kumwazikana. Swaibu anapuma masiku atatu, mtima n'kuyamba kukhala pansi. Tsiku lachinayi madzi anabweranso, ndipo tsopano anali m'chiuno. Analavula kumanzere, anatembenuka, anachita zonse zimene anauzidwa. Sabata yotsatira, mvula yoyamba itawaza fumbi la Novembala, madziwo anafika pachifuwa. Mayi ake anali atasiya kugwira chitenje, dzanja lili pa muzu wa mkuyu uja, maso ali pa iye.

Anabwerera kwa shehe nkhope itagwa. Nkhalambayo inafunsa funso limene aliyense anaiwala kufunsa.

"Munaimapo pamanda awo?"

"Iyayi."

"Ngakhale kamodzi?"

"Kwathu salowa kumanda popanda maliro, shehe."

"Umenewo ndi mwambo wa mudzi, chipembedzo sichiletsa. Kapempheni kwa eni ake. Ngati mukuti munawalakwira, kapepeseni muli chiimire pomwe agonapo. Zinazo ine sindidziwa."

Loweruka m'mawa Swaibu anakwera minibasi ya ku Liwonde. Powoloka Shire pa baraji anayang'ana kumbali, anaona madzi ambirimbiri akudutsa mwakachetechete pansi pa zitseko zachitsulo. Anasintha galimoto, natsikira pamphambano yolowera kwa Mposa, n'kukwera njinga yamoto. Phiri la Chikala linali kutsogolo kwake, zipsera za napolo wa chaka chija zikuonekabe ngati pomwe mphaka wakanda. Pamwamba pake mitambo inali itayamba kuunjikana.

Anamupeza Lukiya pakhonde akusenda chinangwa cha makaka. Anali atawonda, koma kamwa linali lomwe lija.

"Asalamu alaikumu, achemwali."

"Waalaikumu salamu." Mpeni sunaime. "Mwasochera?"

"Ndabwera kudzaona amalume."

"Ali kuseri kwawo. Njira mukuikumbukira, kapena ndikupatseni mwana akulondolereni?"

Swaibu anameza mawuwo n'kudutsa. Malume ake, Che Nasiru, mlongo wawo wa malemu Abiti Sufiyani, anali pansi pa mtengo wa mango akuluka mono wophera nsomba ku Chilwa. Iwowa ndiwo ankayang'anira manda a mbumba yawo. Anamulandira bwino mphwawo, koma atamva chimene wabwerera anaika mono pansi.

"Kumanda akale? Kumene kuja tinatseka. Mayi ako ndiwo anali omaliza, tinachita kuwapanikiza kumapeto kwenikweni chifukwa malo anatha. Tsopano timaika kutsidya kwa msewu. Chiwaikire, sikunalowenso munthu."

"Ndingofuna kuwerenga duwa pamanda pawo, amalume."

"Duwa imafika ngakhale uli ku Balaka. Ukudziwa zimene anthu anene? Munthu wam'tauni, zaka ziwiri osaoneka, lero wafikira kumanda. Ati wadzatapa dothi lokhwimira ntchito."

"Anene. Ine sindikugona."

Za malotowo sanatchule, pokumbukira mawu a shehe. Koma Che Nasiru anamuyang'ana m'maso, anaona momwe analowera m'kati, ndipo sanafunsenso. Anatumiza mawu kwa amfumu kuti alowa ndi mphwawo masana dzuwa likuswa mtengo, aliyense akuona, kuti pasakhale zonong'ona. Atatha kuswali masana anatenga chikwanje n'kutsogola.

Manda akale anali nkhalango yeniyeni kumapeto kwa mudzi, chilumba cha mitengo ikuluikulu pakati pa minda yopanda ndi chitsa chomwe. Palibe ankatola nkhuni kumeneko, palibe ankalozako chala, ndipo odutsa panjira ankayang'ana kwina. Kuseri kwake kunali minda imene napolo anaikwirira ndi mchenga ndi miyala, eni ake n'kuisiya, motero kumbali imeneyo sikunkapitanso munthu.

Kanjira kolowera kanali katatsekeka. Che Nasiru ankadula zitsamba akupereka salamu kwa ogona m'menemo, mmodzimmodzi, monga munthu wolowa m'mudzi wa achibale. M'katimo munali mozizira ndi mwa zii, moti Swaibu ankamva kugunda kwa mtima wake. Anadutsa mitumbira yakale yofafanizika, ina itamera mitengo pamwamba. Anali akukonza m'mutu mawu oti akanene. Amayi, ndine Swaibu. Amayi, ndinachedwa. Mawu aliwonse ankaoneka ochepa.

Kenaka anaona kuwala kutsogolo, malo amene sipanayenere kukhala kuwala.

Che Nasiru anaima chikwanje chili m'mwamba. "Apa panali mitengo," anatero motsitsa mawu.

Anayenda mapazi ena khumi, ndipo nkhalango inangothera pomwepo ngati wachita kuidula ndi mpeni. Patsogolo pawo panali chigwembe chakuya kuposa msinkhu wa nyumba. Kamtsinje ka Nachanje, kamene Swaibu ali mwana kankadutsa kutali, kuseri kwa minda ija, kanali katasiya njira yake n'kudzakumba ina m'mphepete mwenimweni mwa manda. Kanakhala kakudya gombe mvula ziwiri zathunthu popanda wokaona. Pansi pa chigwembecho panali chithaphwi cha madzi ofiira a mvula ya sabata imeneyo. Ndipo pamwamba pake, pomwe gombe linagumukira, panali mkuyu wopendekeka, mizu yake ili lende m'malere.

Thupi lonse la Swaibu linachita tsemwe. Mtengowo ankaudziwa mpaka nthambi yake yothyoka, mpaka muzu wokhota umene dzanja la mayi ake linkagwira. Anali atauona kumaloto masabata asanu ndi limodzi ali ku Balaka, chikhalirecho mtengowo unapendekeka iye atachoka kale, ndipo panalibe munthu wamoyo amene anauonapo uli chonchi. Chimene anamva sichinali mantha aja a masiku onse. Chinali chinthu china chachikulu, chonga chimene munthu amamva akazindikira kuti nthawi yonseyi m'chipinda sanali yekha.

"Mayi ako ndi awa," anatero Che Nasiru.

Mtumbira unali pansi pa mkuyuwo, mwala uli kumutu, mwala kumiyendo. Kuchokera pamtumbira kufika pomwe nthaka inathera panali mapazi awiri okha.

Mawu onse opepesa amene anakonza anamuthawa. Chimene chinatsala mwa iye ndi mmisiri. Anagona chafufumimba n'kukwawa mpaka m'mphepete, nasuzumira pansi. Madzi anali atafukula kunsi kwa gombe n'kusiya phanga, moti nthaka imene iye anagonapo inali denga chabe. Anathyola kamtengo n'kuyeza kuya kwa phangalo, kenaka anabwerera chammbuyo pang'onopang'ono.

"Amalume, kachipinda kawo munakakumbira mbali iti?"

Manda a Chisilamu sathera padzenje lowongoka. Pansi pake amakumba kachipinda cham'mbali, koyang'ana ku kibula, mbali imene Asilamu amayang'ana popemphera, ndipo m'menemo ndimo amagoneka munthu. Che Nasiru sanachedwe kuyankha, poti anatsikiramo okha tsiku lija. Anatukula dzanja n'kuloza kumpoto. Kumpotoko n'kumene kunali chigwembe.

Swaibu anaika kamtengo kake pansi, nayeza kuchokera pamtumbira, nachotsapo kuya kwa phanga lija. Anabwereza kachiwiri kuti mwina walakwitsa. Pakati pa Abiti Sufiyani ndi madzi panatsala khoma ladothi losatalika kuposa mpini wa khasu.

"Mvula imodzi yamphamvu," anatero. "Imodzi yokha, amalume."

Che Nasiru anakhala pansi pa masamba, nkhalamba yonse ija, chikwanje n'kuchitaya. "Subuhana Llah. Anakuuza ndani? Iwe Swaibu, anakuuza ndani zimenezi?"

"Iwo omwe. Chiyambire Okutobala akhala akuima apa, pansi pa mtengo uwu, madzi akukwera."

Nkhalambayo inagwira pakamwa. Inayang'ana mtumbira, inayang'ana mkuyu, kenaka inayamba kuyankhula ndi mlongo wake ngati kuti wakhala pakhonde. "Achemwali, mwatichititsa manyazi. Ine ndimadutsa panjira apo kasanu patsiku popita kumzikiti, nkhope nditatembenuzira kwina, ndikumati ndikukupatsani ulemu. Kani mukumira? Mpaka kukatenga munthu ku Balaka, ife tili pompano?"

Pamenepo mphepo inadutsa m'mitengo, ndipo kuphiri kunamveka kugunda kwa mvula, kutali. Anthu awiriwo anaima n'kutambasula manja, nawerenga duwa mwachidule. Swaibu anaganiza za Fadila ndi mimba yake, Pitala ndi adani ake, mayi wa zitumbuwa ndi maliro ake, ndiponso iye mwini ndi misozi yake. Onse anakumba pansi pa malotowo kufuna chobisika, ndipo panalibe ngakhale mmodzi amene anaganiza kuti madzi akhoza kungokhala madzi.

Potuluka anali akuwerengera kale zofunika. Miyala inalipo yambiri, napolo yemweyo anaiunjika m'minda ija. Panafunika waya wolukira madengu odzazamo miyalayo, khoma la mizere itatu kunsi kwa gombe, ndi ngalande yobwezera madzi kunjira yawo yakale. Amuna makumi awiri akanatha kutseka phangalo mawa lisanathe. Koma pansi pa kuwerengera konseko funso lake linali pomwepo. Kumuitana anamuitanadi, koma munthu akhoza kukuitana ali chikwiyire.

Lukiya anali ataima panjira, pomwe akazi amalekezera pa tsiku la maliro, manja atapinda pachifuwa. Nayenso manda a mayi ake anali asanawaonepo. Che Nasiru anamufotokozera mwachidule, mawu akudukaduka, za chigwembe, za mkuyu, za mpini wa khasu, ndi za amene anakamuuza Swaibu. Kenaka anathamangira kumudzi kukamema amuna, msinkhu wawo wonse atauiwala.

Awiriwo anatsala okha. Lukiya anali chilili, maso ali kunkhalango.

"Mumawalota," anatero Lukiya. Silinali funso.

"Eya."

"Kangati?"

"Ndinasiya kuwerenga."

Lukiya anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Swaibu anadikira mawu olasa, ndipo anali wokonzeka kuwalandira. Poona kuti sakubwera, anayamba yekha.

"Achemwali, ine ndimati akundizenga mlandu. Sayankhula, amangondiyang'ana. Mpaka pano sindikudziwa ngati... Inu munali nawo mpaka kumapeto. Anapita atandikwiyira?"

"Inu achimwene, nzeru zonse zija zinathera m'makalavati?" Lukiya anatembenuka n'kumuyang'ana koyamba chifikire. Maso ake anali atafiira. "Amayi munawaiwala? Munthu akawalakwira ankamutuma? Ngakhale madzi akumwa ankalolera kudzuka okha, iwe uli pomwepo, kuti umve kuwawa. Ine anandikwiyira sabata yathunthu chifukwa cha mbale yawo ija, sanandiuze ngakhale kuti tseka chitseko. Tsiku lomwe anati, Lukiya, kanditengere moto, ndinadziwa kuti zatha."

Swaibu anakumbukira. Zinali zoona, ndipo anadabwa kuti anaziiwala bwanji. Kunyumba kwawo chilango chachikulu chinali kusatumidwa.

"Ndiye inu akutumani ntchito yonse iyi," anatero Lukiya, "mukufunsanso chiyani?"

Chinthu chimene chinakhala pachifuwa pa Swaibu zaka ziwiri ndi theka chinasuntha. Anakhala pansi m'mphepete mwa njira, bambo wamkulu wa ana anayi, n'kulira mosabisa. Lukiya sanamutonthoze. Anamusiya alire, iye akuyang'ana mitambo imene inali itaphimba theka la phiri. Kumudzi kunayamba kumveka mawu a amuna akuitanizana, ndi kulira kwa wilibala.

Kenaka Lukiya anakhala pansi pambali pake, chapatali pang'ono, n'kuyamba kuzula udzu ndi zala.

"Ine ndinawasambitsa miyezi isanu ndi iwiri," anatero motsitsa. "Ndinkawatembenuza, ndinkawamwetsa phala ndi supuni. Chiwaikire ndimagona pamkeka wawo, mutu ndimatsamira mpango wawo, kuti mwina abwere ngakhale kamodzi. Ndimalota mbuzi, ndimalota msika, ndimalota anthu oti sindiwadziwa n'komwe. Iwo ayi. Nkhope yawo yayamba kundithawa, achimwene. Ndikatseka maso ndimangoona ya masiku omaliza ija, atatha."

Maloto amene Swaibu ankawalavulira kumanzere, akupempha Mulungu kuti amuchotsere, mlongo wake ankawapempha usiku uliwonse osapatsidwa.

"Akuoneka bwanji?" anafunsa Lukiya.

"Ndi maloto oopsa, achemwali. Shehe anati..."

"Sindikufunsa za madziwo. Iwowo. Ndi owonda?"

Swaibu anatseka maso. Kwa nthawi yoyamba anayang'ana malotowo osaona chigumula.

"Iyayi. Ali ndi thupi lawo lakale, la nthawi ija ankapita ku Chilwa kukagula matemba. Masaya odzaza."

"Avala chiyani?"

"Chitenje chobiriwira cha madontho oyera. Mpango amangira kumbali."

"Kumanzere," anatero Lukiya. "Ankamangira kumanzere. Nanga kaphini kapamphuno?"

"Kalipo. Kakuwala."

"Aima okha? Popanda ndodo?"

"Okha. Mowongoka."

Lukiya anaphimba nkhope ndi nsonga ya mpango wake, mapewa akugwedezeka. Madontho oyamba a mvula anayamba kugwa apo ndi apo pafumbi la panjira, ndipo amuna a m'mudzi anali akubwera ndi makasu ndi mapiki, Che Nasiru ali patsogolo. Swaibu anadzuka kuti akawalandire, koma mlongo wake anamugwira mkono wa malaya.

"Adikire pang'ono," anatero. "Yambiraninso poyamba. Munene pang'onopang'ono, ndiwaone nanenso."